Jaguar ya 1961 ndi Galimoto Yotengera Ana Kusukulu



Lero ndaimika magalimoto awiri pabwalo limodzi. Uku kuli Jaguar E-Type ya mu 1961: yaifupi msinkhu, mphuno yaitali, mipando iwiri basi. Uko kuli Toyota RAV4 ya zaka zino, yonga ija mumaiona m'mawa pageti la sukulu ikutsitsa ana, kumbuyo kuli thumba la ufa ndi nthochi zochokera kumudzi. Za kukongola tisatayirepo nthawi. Ngakhale mwana amene sanayambe sukulu aloza Jaguar. Nkhani yanga ili pa liwiro: kale linali m'manja mwa ndani, lero lili m'manja mwa ndani, nanga munthu amalimva bwanji m'thupi akakhala pampando.

Tiyambe ndi nkhalambayi. Inaonekera koyamba mu Malichi 1961 pa chionetsero cha magalimoto mumzinda wa Geneva ku Switzerland, kuno tidakali Nyasaland. Anthu anaikhamukira moti galimoto imodzi yoyendetsamo atolankhani sinakwanire. Mwini kampani, Sir William Lyons, analamula kuti ina ibwere msanga. Norman Dewis, yemwe ntchito yake inali yoyesa magalimoto a Jaguar, ananyamuka ku Coventry madzulo, nkuwoloka nyanja pa sitima, nkuyendetsa usiku wonse, m'mawa mwake nkutulukira ku Geneva.

Amene anaumba thupi lake ndi Malcolm Sayer, munthu yemwe poyamba ankagwira ntchito ku kampani yopanga ndege ya Bristol. Iyeyu ankadalira masamu a momwe mphepo imadutsira pa chitsulo, ndipo mizere yokhotakhota imene anthu amaisirira lero inatuluka m'masamuwo. Ndi yemweyo amene anaumbanso D-Type, galimoto yomwe inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France zaka zitatu zotsatizana, 1955, 1956 ndi 1957. Choncho E-Type ndi mwana wa galimoto ya mpikisano, wongovekedwa nambala nkuikidwa m'sitolo. Mtengo wake unali mapaundi 2,000 ndi kuposerapo pang'ono, pafupifupi theka la mtengo wa Aston Martin ya nthawi yomweyo.

Kunsi kwa boneti kunali injini ya masilinda 6, malita 3.8, yodyetsedwa ndi makabureta atatu. Kampani inkati ili ndi ma horsepower 265 ndipo imafika mamailosi 150 pa ola, omwe ndi pafupifupi makilomita 240. Kuti mumvetse kulemera kwa nambala imeneyi, Morris Minor, yomwe mabanja ambiri a ku Britain ankayendera, inkathera cha m'ma 120, nayonso ikunjenjemera. Manambala a Jaguarwo, tinene zoona, anali othira mchere. Mphamvu ankaziyeza injini ili payokha pa benchi, isanasenzetsedwe zonse zimene imayendetsa ikakhala m'galimoto, ndipo magalimoto opatsa atolankhani ankayamba awakonza mwapadera. Komabe, ngakhale muchotsepo mcherewo, pamsewu wa 1961 panalibe zambiri zoti nkuitsatira.

Tsopano tsegulani chitseko mulowe. Mumayamba mwalumpha chitsulo chotakata cha m'munsi mwa chitseko, nkudzitsitsa mpaka kukhala ngati mwakhala pansi penipeni. Chiwongolero ndi chachikulu, chathabwa, chopyapyala, ndipo palibe makina okuthandizani kuchipotoza. Poimika pamalo opanikiza, mikono yanu ndiyo imagwira ntchito. Mukatembenuza kiyi injini siilira. Mumakweza kachitsulo ka choke kuti petulo achuluke poti injini ndi yozizira, kenako nkudina batani. Ikalira, mumaimva m'msana. Giya yoyamba ya magalimoto oyambirirawo inalibe chothandizira kuti mano alumane mofatsa, ndiye mukafuna kuilowetsa galimoto ikuyenda, mumaponda kilatchi kawiri, pakati nkupatsa moto pang'ono. Mukaphonya, kukukuta kwake kumamveka mpaka tsidya lina la msewu. Amene munayendetsapo malole akale mukudziwa chimene ndikunena. Kutentha kwa injini ndi giyabokosi kumakwera m'miyendo, fungo la oyilo ndi petulo lili m'mphuno. Tayala lililonse lamangidwa ndi nati imodzi yaikulu pakati, yomasula pomenya ndi hamala.

Zovuta zake eni ake amazidziwa pamtima. Ikaima nthawi yaitali pa mdipiti wa m'tauni madzi amawira. Dzimbiri limaidya kuyambira kunsi. Mawaya ake a magetsi anatchuka ndi kuzimitsa nyali nthawi yosayenera. Kuti musinthe kilatchi, injini ndi giyabokosi zimayamba zatuluka. Mabuleki a kumbuyo anawabisa m'kati, pafupi ndi difu, kumene dzanja silifika bwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zina mwa nyererezi kampani inazichotsa mu 1964, pamene inakuza injini kufika malita 4.2 nkuika giyabokosi yofatsa. Mu 1971 munalowa injini ya masilinda 12, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1970, pamene anasiya kuipanga, anali atatulutsa zoposa 70,000. Imodzi anaiika m'nyumba yosungiramo zaluso ya Museum of Modern Art ku New York mu 1996, pamodzi ndi zojambula ndi zosema. Lero yosamalika bwino ya zaka zoyambirira imatha kudutsa mapaundi 100,000 pa okushoni.

Tiyeni kwa mnzakeyu. RAV4 inayamba mu 1994 ili kagalimoto kakang'ono, nkumakula m'badwo ndi m'badwo. Ndikunena pano ndi ya m'badwo wachisanu, yomwe inafika pamsika cha m'ma 2019. Palibe amene anayendetsa usiku wonse kuti akaionetse kwa anthu, ndipo palibe mnyamata amene anamata chithunzi chake kuchipinda. Ili ndi zitseko zokwanira, mipando isanu, buti yolowa katundu wa banja lonse, zoziziritsira mpweya, poika botolo la madzi. Mumadina batani, nyali za pa dashibodi nkuyaka, ndipo ngati ili ya hybrid simumva kalikonse. Imanyamuka ndi magetsi, injini nkudzuka yokha patsogolo.

Koma tamverani manambala ake. Ya hybrid, yophatikiza injini ya petulo ya malita 2.5 ndi mamota a magetsi, ili ndi ma horsepower pafupifupi 220, ndipo kuchoka poima kufika pa makilomita 100 pa ola imatenga masekondi 8 kapena kuposerapo pang'ono. Jaguar ija, ili m'manja mwa katswiri wodziwa kusintha magiya, inkatenga masekondi 7. Kusiyana kwake ndi sekondi imodzi. Ndiye pali RAV4 ina, yotchaja pa soketi, yomwe ili ndi ma horsepower 302. Imeneyo imafika pa 100 m'masekondi 6. Galimoto yomwe inaimitsa mzinda wa Geneva ingasiyidwe pa maloboti ndi galimoto yomwe kumbuyo kwake kuli mpando wa mwana ndi zinyenyeswa za mabisiketi, woyendetsayo asanachite china koposa kuponda phazi limodzi.

Pa liwiro lomalizira Jaguar ikadali patsogolo. Toyota inaitsekera galimoto yakeyi pa 180, nambala yomwe tonse oyendera magalimoto ochokera ku Japan timaiona kumapeto kwa sipidomita. Koma msewu wowongoka woti munthu nkudutsa 180 ali ndi moyo woti abwerere nawo kunyumba, muupeza kuti? Pamsewu weniweni nkhani imakhala pa makona ndi pa mabuleki. Jaguar inali ndi mabuleki a disiki kumatayala onse anayi, chinthu chosowa nthawi imeneyo, koma inkaponda pansi ndi matayala opyapyala a ulusi wopingasa, a masentimita 16 m'lifupi. RAV4 imaponda ndi matayala a masentimita oposa 22, a labala yomwe akatswiri akhala akuikonza kwa zaka 60. Ili ndi ABS, yomwe imaletsa matayala kuuma mukaponda buleki mwadzidzidzi, kuti muthe kukhota uku mukuima. Ili ndi kompyuta yomwe ikaona kuti kumbuyo kwayamba kuterereka imagwira buleki ya tayala limodzi lokha nkuiwongola galimoto, inu musanadziwe nkomwe kuti munali m'mavuto. Mutatenga dalaivala wamba, monga ine ndi inu, nkumupatsa magalimoto awiriwa pa makona a Zalewa mvula itagwa, ndalama yanga ndiika pa galimoto ya ana asukulu.

Za misewu yathu sindichedwapo. Mimba ya Jaguar ili masentimita 14 okha kuchokera pansi, ndipo mapaipi a ekizozi ndiwo amayamba kugunda; hampu yoyamba ya pa sitolo za m'mbali mwa M1 ingaisiye ikulira. RAV4 ili pafupifupi masentimita 20. Pa makilomita 100 Jaguar imamwa malita 13 mpaka 15, pomwe hybrid imamwa 6 kapena kucheperapo, ndipo aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta safunika kumuuza tanthauzo la kusiyana kumeneku. Palinso china chathuchathu. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo takhala tikutero kuyambira m'ma 1980. Galimoto yamakono siona vuto. Yakale, ethanol amadya mapaipi a labala ndi tizipangizo ta m'kabureta, pokhapokha mutazisintha.

Pa ngozi ndi pamene mtima wokonda zakale umayenera kukhala chete. Timakonda kunena kuti magalimoto akale anali achitsulo chenicheni, a lero ndi zitini. Mu 2009 bungwe la ku America loona za chitetezo cha pamsewu, la Insurance Institute for Highway Safety, linawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, iliyonse ikuyenda pa makilomita 64 pa ola. Chitsulo chenicheni chija chinapindikira m'kati, chiwongolero nkukamenya mutu wa chidole chomwe chinali pampando wa dalaivala. Mu Malibu, kutsogolo kunaphwanyika koma chipinda cha anthu chinatsala chilili, ndipo munthu akanatulukamo atangovulala mwendo. Kuphwanyika kumene timakunyozako nkochita kufuna. Nzeru yake inachokera kwa Béla Barényi wa ku Mercedes-Benz: mphuno ya galimoto ikhwinyate, imwe mphamvu ya kugundako, kuti isafike pa nthiti zanu. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno anamupanga Nils Bohlin wa ku Volvo mu 1959. Jaguar ya 1961 inalibe chotsamira mutu, inalibe airbag, ndipo lamba ankaika ndi amene wafuna. RAV4 inapatsidwa nyenyezi zonse zisanu pa mayeso a Euro NCAP mu 2019.

Ndiye kodi nkhalamba yagonja ponseponse? Pa zambiri zoyezeka ndi wotchi kapena sikelo, inde. Koma pali chinthu chimodzi chimene inali nacho, chomwe ine ndimachiona kuti ndi chachikulu. Jaguar siinkabisa liwiro. Mukafika pa 120, mphepo ili phokoso, injini ikubangula, chiwongolero chikunjenjemera m'manja nkumakuuzani za mwala uliwonse umene tayala laponda. Thupi lonse linkadziwa kuti apa ndikalakwitsa ndapita. Mantha amenewo ankagwira ntchito ya buleki. Komanso ogula galimoto yotere anali ochepa, ndipo ankadziwa chimene agula.

M'galimoto yamakono ya banja, 120 imamveka ngati 60. Magalasi ndi otseka, mpweya ukuzizira, wailesi ikulankhula monga ndikuchitira panomu, ana akugona kumbuyo. Mwakhala pamwamba, ndipo munthu akakhala pamwamba msewu umaoneka ngati ukuyenda pang'onopang'ono. Akatswiri anagwira ntchito yaikulu yochotsa phokoso ndi kunjenjemera, koma pochotsa zimenezo anachotsanso chenjezo. Mphamvu zimene mu 1961 zinali za anthu owerengeka, ovala magolovesi, lero zili kuphazi kwa aliyense amene ali ndi laisensi, ngakhale amene anailandira mwezi watha. Ndipo kulemera kwawonjezeka: Jaguar inkalemera pafupifupi makilogalamu 1,250, pomwe RAV4 imayambira cha m'ma 1,600 nkukafika pafupi ndi 2,000 ikakhala yotchaja ija. Masamu a liwiro sanasinthe ngakhale pang'ono. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woti muime umawirikiza kanayi, kaya muli ndi ABS kaya mulibe.

Amene amalipira ndi amene ali kunja. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Ife sitifunika lipoti kuti tiwadziwe anthu amenewa. Ndi wakabaza amene wanyamula mayi ndi mwana kumsana, ndi bambo wokankha matumba a makala m'mphepete mwa phula mbandakucha, ndi ana amene akuwoloka pa msika wa m'mbali mwa msewu. Airbag siiwafikira. Galimoto ya mphuno yotsika ikagunda munthu wamkulu imamenya miyendo nkumuponyera pa boneti. Ya mphuno yaitali msinkhu imamenya m'chiuno kapena pachifuwa, ndipo kwa mwana ndi pamutu. Magalimoto a mabanja akunka nakwera msinkhu chifukwa ogula tikufuna kuona patali ndi kudumpha maenje, ndipo zifukwa zimenezo nzomveka. Sindikunena kuti tibwerere ku makabureta. Ine ndemwe, mutandipatsa makiyi awiriwa nkuti ndipereke banja ku Mzuzu, sindingaganize kawiri. Chodandaula changa nchoti galimoto imene timaitcha yofatsa, ya amayi ndi ana, ili ndi mphamvu za galimoto ya mpikisano, ndipo siimuuza mwini wake.

Wina anena kuti RAV4 yatsopano ndi ya mabwana, ife timayendera Sienta. Zoona. Sienta ya malita 1.5 singapikisane ndi Jaguar. Koma nayonso imafika pa 120 mosavuta, mwakachetechete, ndipo kuno timaikweza anthu oposa mipando yake isanu ndi iwiri, matayala ali ogula kale m'manja mwa wina. Komanso RAV4 ya 2019 yomwe lero ikuoneka yapatali ndi yomweyo imene ikutsika pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, chaka ndi chaka mtengo ukutsika. Zimene Japan akuyendera lero, ife tidzaziyendera mawa.

Zikafika, zidzapeza amakaniko athu. Apa pali chinthu choseketsa. Jaguar ija, ngakhale ndi yodula chotere, makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi angaimvetse tsiku limodzi. Kabureta amaimasula nkuitsuka, mapulagi amawayang'ana mtundu nkudziwa ngati petulo wachuluka, injini amaitchera ndi khutu. Zonse zimaoneka ndi maso, makamaka poti boneti yake imatseguka yonse kupita kutsogolo, injini nkukhala poyera mpaka matayala. Hybrid imafuna kompyuta yoti muilumikize kunsi kwa dashibodi kuti inene pamene pakupweteka, ndipo mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi a mavoti mazanamazana, oti munthu akawagwira mosadziwa sadzukanso. Anyamata ambiri aphunzira kale, ndipo magalaja okhala ndi makina oyezera akuchuluka m'matauni. Koma pakati pa amene aphunzira ndi amene akungoyerekeza, mwini galimoto sangasiyanitse ndi maso.

Chitetezo chonse chija ndatchula chimadalira zinthu zoti zikafa galimoto imayendabe bwinobwino. RAV4 ya m'badwo uno ili ndi kamera kuseri kwa galasi la kutsogolo ndi radar kumphuno, zoti zikaona munthu kapena galimoto patsogolo zimachenjeza, mukapanda kuchitapo kanthu nkugwira buleki zokha. Galasi limenelo likasweka nkuikapo lina, kapena bampala ikawongoledwa ndi hamala, zida zija zimafunika kuziyezanso ndi makina kuti ziloze malo oyenera, apo ayi zimayang'ana kumbali. Galimoto ina imabwera itachita kale ngozi kwawo, ma airbag anaphulika, wina nkungomata pachiwongolero kuti paoneke bwino.

Choncho inu amene mukupita kukaona galimoto ya kaunjika sabata ino, musanamvetsere kulira kwa injini, yang'anani pa dashibodi pamene mukuyatsa. Kanyali ka airbag ndi ka ABS tiyenera kuyaka limodzi ndi tinzake, nkuzima patapita masekondi ochepa. Kakayaka osazima, pali vuto. Kakapanda kuyaka nkomwe, funsani wogulitsayo kuti babu lake linapita kuti.